Mapepala a matope a ku Connemara

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Amaveni. Ndine Bambo a Chisomo, uja ankaphunzitsa za chitetezo ku mgodi. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ntchito ya manja anga inanditsekera kunja sabata imene ndinkaifuna kwambiri, ndi mmene Mulungu anandibwezera.

Agogo anga anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ya kuno. Ife tinakula tikudziwa kuti mgodi ndiwo zonse: nyumba ya mgodi, kiliniki ya mgodi, sukulu ya mgodi. Ndiye pamene ndinkatsegula akaunti pa webusaiti ina yoikapo masilaidi, masamba ophunzitsira aja, ndinalembetsa ndi imelo ya kuntchito osaganizira n'komwe. Ndinkayesa kuti imeloyo ndidzafa nayo, monga bambo anga anafera m'nyumba ya kampani.

Pa webusaitiyo ndinaikapo maphunziro anga onse, masamba makumi anayi. Zithunzi ndinajambula ndekha pansi pa nthaka: mwala wong'aluka kudenga, mtengo wochirikizira woikidwa mopendekeka, chingwe chothetheka. Mawu ndinalemba m'Chichewa ndi m'Chishona, kuti madala athu amene Chingerezi chimawavuta azimva. Aliyense ankawerenga ndi kukopera mwaufulu.

Kenako mgodi unatichotsa ntchito. Laputopu ndinabweza, imelo anaitseka, ndipo kumene ndinajambula zithunzi kuja kunadzaza madzi. Ndinakhala pakhomo chaka ndi miyezi, mkazi wanga akutidyetsa ndi matimati a pamsika. Tsiku lina kampani ina yaing'ono inandiimbira foni kuti ikufuna wophunzitsa za chitetezo, ndipite Lachisanu ndikaonetse zimene ndinkaphunzitsa. Ndinati zikomo Ambuye, zonse zili pa intaneti.

Lolemba ndinatsegula webusaiti ija pa foni. Pamwamba panali chilengezo chamitundumitundu, akuti asintha zinthu kuti atitumikire bwino. Tsopano munthu amangoona masamba atatu oyamba, kukopera atseka, mpaka mwiniwake atatsimikizira kuti ndi iyeyo. Atsimikizira bwanji? Ndi nambala yachinsinsi imene amatumiza ku imelo. Imelo yake iti? Yakufa ija.

Ndinapsa mtima, abale, sindikubisirani. Ndinawalembera kuti maphunzirowa ndi anga, dzina ndi langa, ngakhale chala chimene chikuloza mwala pa tsamba lachiwiri ndi changa. Anandiyankha ndi makina, akuti ndiyang'ane mu imelo. Ndinalembanso, yankho lomwelo. Lachiwiri ndinapita ku ofesi ya mgodi wakale. Mlonda wa pageti, munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kuvala chisoti, anandimvera chisoni, koma anati a makompyuta onse anachoka kale. Ndinabwerera wapansi.

Lachitatu ndinayesa kujambula zithunzizo pamanja. Mwala umene ndinajambula unkaoneka ngati mbatata. Ndinang'amba pepalalo, n'kukhala pakhonde ndi foni m'manja, kumangobwereza masamba atatu aja. Zinali ngati kusuzumira pawindo la nyumba yako yomwe, makiyi ali ndi munthu amene sudzamuona. Kupemphera ndinayesa, koma mawu anakana kutuluka. Ndinangoti, "Ambuye, inu mukuona." Ndinadziimba mlandu kuti ndapusa ndekha, ndipo ndinaganiza zowaimbira a kampani ija kuti asandidikire.

Lachinayi kunali maliro a mayi wina wa m'sosaite yathu ya Amalawi, bungwe lothandizana pa maliro. Ine sindinkafuna kuonana ndi munthu, koma mkazi wanga anati, "Bambo a Chisomo, maliro a m'sosaite sitijomba. Valani jekete." Ndinapita monyinyirika.

Kumeneko ndinakhala pafupi ndi a Mbewe, mdala amene anali kapitawo nthawi ya bambo anga. Masiku ano amayang'anira anthu okumba golide ku Connemara. Anandiyang'ana n'kunong'ona kuti, "Iwe mwana wa Banda, nkhope yako yaposa ya anamfedwa. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawafotokozera, ngakhale mumtima ndinkati mdala uyu za intaneti azimva bwanji. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ukunena mapepala a mwala wong'aluka aja? Ndili nawo, mwanangu. Mwana wanga wamkazi anandisindikizira m'tauni kalekale. M'mawa uliwonse tisanatsike pansi timawerenga tsamba limodzi."

Titangochoka kumanda tinakwera kombi ya ku Connemara. Pakamwa pa mgodi wawo pali kachisakasa ka malata, ndipo pa msomali panali popachikidwa mapepala omangidwa ndi waya, okulungidwa m'pulasitiki. Ndinawerenga masambawo. Onse makumi anayi analipo. Koma anali ofiira ndi matope, zidindo za zala za anthu zili mbwee, m'mphepete a Mbewe atalembamo zawo ndi pensulo m'Chilapalapa, chiyankhulo cha m'migodi. Ndinalira, kenako manyazi anandigwira: zimenezi ndikaziike patebulo la mabwana?

A Mbewe anati, "Tenga. Koma Loweruka abwerere, Lolemba tili pa tsamba la chingwe."

Lachisanu anzanga ofuna ntchito yomweyo anaonetsa zawo pakhoma, zowala bwino. Ine ndinayala mapepala anga patebulo. Mayi wamkulu wa kampaniyo ananyamula tsamba limodzi ndi zala ziwiri, n'kufunsa kuti matopewa achokera kuti. Ndinanena zoona zokhazokha, za imelo, za msomali, za a Mbewe. Anatembenuza masamba limodzilimodzi. Kenako anati, "Enawa atiuza zimene adzaphunzitse. Zanuzi anthu akutsika nazo pansi kale. Muyambe Lolemba."

Abale, akaunti ija mpaka lero ndi yotseka, ndipo ndikaitsegula webusaitiyo ndimaonabe masamba atatu okha. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza a Mbewe, ndi mkazi wanga amene anandikakamiza jekete. Inu amene mwagogoda paliponse osayankhidwa, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala la mawu atatu ngati langa lija. Pamene ine ndinkalirira zimene anthu anatseka, Ambuye anali atazisunga kale pa msomali. Loweruka ndinakwera kombi, ndipo mapepala aja ndinawapachikanso pamalo pake ndi manja anga. Ameni.