Achimwene Anatsanzika Atapita Kale

Moni abusa, moni akulu a mpingo, amayi ndi abambo nonse, ndi achinyamata anzanga. Mundikhululukire, sindinaimepo kutsogolo kuno. Dzina langa ndine Esinati. Ndimakhala kwa azakhali anga ku Chinsapo, koma kwathu ndi ku Ntchisi. Ndikufuna kuchitira umboni za amayi anga ndi achimwene anga.

Achimwene mukuwadziwa. Ndi aja munawatuma ku Mozambiki kukalalikira pamodzi ndi alamu anga. Tsiku lowatsanzika muno munali chimwemwe, munawasanjika manja, kwaya inaimba mpaka fumbi. Koma pali chimodzi chimene ambiri simunaone. Amayi athu panalibe. Anali kumudzi, akudikira.

Kwathu mwana akamapita kutali amafika yekha pakhomo, amavula nsapato, amakhala pansi, nkunena kuti ndikupita. Kholo limamupatsa kamba wa panjira ndi mawu omuperekeza. Achimwene ankadziwa zimenezi ndipo anakonza zopita. Koma galimoto yonyamula malata a tchalitchi cha kumeneko inafulumiza ulendo, ndipo inali yokhayo yoti akwere. Anandiitana nati, "Esinati, pita iwe. Tenga bulangeti ili ndi shuga, ukawauze amayi kuti ndatsanzika."

Ine kukana sindidziwa. Ndinapita.

Ndinawapeza amayi atasesa pabwalo, atayala mphasa yatsopano. Mtedza anali atasenda kale, ataumanga m'kansalu. Sanayang'ane ine, anayang'ana kunjira kumbuyo kwanga.

"Nanga mkulu wako?"

"Anyamuka dzulo, amayi. Andituma kuti ndidzawatsanzikire."

Amayi anati, "Mwana amatumidwa kukapala moto. Kutsanzika satuma. Ngati sanabwere kudzakhala pamphasa pano, ndiye kuti sanachoke."

Bulangeti lija sanalikhudze. Anakwera pampando nkupachika kamfundo ka mtedza kudenga.

Abale anga, ndinkaganiza kuti ndi mkwiyo wa sabata imodzi. Ayi. Chaka chinatha.

Kumene kuli achimwene foni sigwira. Loweruka amapalasa njinga kupita pa kaphiri kena, ndi pamene amaimba. Ankandiuza za moyo wa kumeneko. Amapempherera pansi pa mtengo wa mango chifukwa khoma la tchalitchi silinafike pa zenera. Chiyankhulo cha kumeneko chinkawavuta, akalakwitsa ana ankagwa ndi kuseka. Alamu amatunga madzi kutali, ndipo malungo anawagwira kawirikawiri. Koma nkhani zonsezi zikatha, funso linali lomwelo: "Amayi avomera kundiyankhula?" Ine ndinkati, "Mwina sabata yamawa, achimwene."

Ndikapita kumudzi ndinkasankha Loweruka. Foni ikalira ndinkagwada nkuwapatsa amayi ndi manja awiri. Iwo ankati, "Ndiyankhule pa foni ndi munthu amene ali kuseri kwa nyumba? Muuze alowe." Ndinkamva achimwene akupuma mu foni muja, akumva zonse. Ine pakati. Uku mayi, uku mkulu wanga, ndipo onse ndikufuna kuwakondweretsa.

Mvula ya chaka chino itayamba, amayi anagwa m'munda akupalira. Mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panapotoka. Anthu anabwera nawo kuno kuchipatala, kenako madokotala anatiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Tinawagoneka pabalaza kwa azakhali. Mawu sankatuluka. Phala linkangobwerera. Azakhali anandikokera panja nkundinong'oneza kuti, "Mwanawe, uza mkulu wako abwere. Sindikuona bwino."

Ndinadikira Loweruka ngati munthu wodikira mpweya. Achimwene atandiimbira ndinawauza. Achimwene analira, abale, munthu amene sindinamuonepo akulira. Anati mtsinje wadzaza, mlatho wakokoloka, palibe galimoto ikutuluka kapena kulowa. Anati, "Ndikulalikira chikhululukiro kwa anthu a eni, mayi anga akufa asanandikhululukire. Esinati, ndichite chiyani?" Akufunsa ine. Ine wa sukulu ya kumudzi, ndiwayankhe chiyani?

Nyumba ya azakhali ndi yaing'ono, malo olirira palibe. Ndinkalowa m'bafa, kutseka chitseko cha lata, nkugwada pa simenti yonyowa. Sindinkadziwa mapemphero aatali. Ndinkangoti, Ambuye, musawatenge chonchi. Musawatenge chonchi. Ngati mukuwatenga, atengeni, koma osati chonchi. Wina akagogoda ndinkathira madzi pansi kuti aziganiza kuti ndikusamba. Chakudya sichinkalowa. Ndinafika pomufunsa Mulungu kuti, kodi si Inu munawatuma achimwene? Nanga bwanji ntchito yanu ikuswa nyumba yathu? Abusa mundikhululukire, koma ndinafunsa.

Tsiku lina masana ndikuwasintha zofunda amayi, ndinakhudza chinthu cholimba pansi pa pilo. Kutulutsa, ndi kamfundo kaja. Kansalu kada ndi utsi. Amayi anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo, mwamphamvu, mpaka ndinakabwezera. Ndinafunsa azakhali. Anati tsiku limene ankawanyamula kumudzi, amayi anakana kutuluka m'nyumba, akungoloza kudenga, mpaka anthu anakatsitsa.

Ndinakhala pansi. Chaka chonse ndinkayesa kuti amayi akwiya. Munthu wokwiya sanyamula kamba wa mwana wake popita kuchipatala. Iwo ankadikira. Mphasa ija inali idakali yoyala mumtima mwawo.

Loweruka litafika, ndinachita chimene sindinachitepo, kulangiza mkulu wanga. Ndinati, "Achimwene, lero musawafunse kuti mwadzuka bwanji. Tsanzikani."

"Kutsanzika? Chaka chatha ndili kuno."

"Kwa amayi simunachoke. Vulani nsapato, khalani pansi."

Ndinaopa kuti ndawalakwira. Kenako anati, "Bwereka foni yooneka nkhope."

Ndinathamanga kukabwereka kwa mayi wina woyandikana nafe. Tinawadzutsa amayi nkuwatsamiritsa kukhoma. Achimwene anaimika foni yawo pa mwala paphiri paja. Mvula inali ikuwaza. Tinawaona akuvula nsapato, akukhala pansi m'matope, malaya anyowa. Anaomba m'manja mwaulemu nati, "Odi, amayi."

Amayi anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Amayi, ndabwera kudzatsanzika. Mpingo wandituma ku Mozambiki. Ndimati ndinyamuke, mukandilola."

Pomwepo foni inaduka.

Ndinaimba, sikugwira. Ndinaimbanso, sikugwira. Amayi akuyang'anabe kukhoma, misozi ikutsika mbali imodzi yokha. Azakhali anayamba kupemphera mokweza. Ine ndikungoti Yesu, Yesu, Yesu, chifukwa mawu ena anandithera.

Foni inalira. Achimwene anali pomwepo, m'matope momwemo, sanasunthe.

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. Anafufuza pansi pa pilo, anakoka kamfundo kaja, nkukakankhira kufoni mpaka kanagunda galasi. Pakamwa panavutika, panavutika. Ndiye tinamva mawu oyamba chigwereni m'munda.

"U... yende."

Achimwene anagwetsa nkhope pansi. Amayi anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anatulutsa mawu ena. "Waonda."

Azakhali anaseka akulira. Ine ndinangokhala pansi.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti amayi achira. Mwendo akukokabe, mawu akutuluka amodziamodzi. Koma tsiku lomwelo anamwa phala nkumaliza, ndipo anafunsa bulangeti lija. Tinalitumiza kuchokera kumudzi, ndi limene afunda lero. Loweruka likafika amadzuka okha nkuloza foni.

Kamfundo ka mtedza ndakapereka kwa akulu a mpingo amene apite kumeneko msewu ukatseguka. Ndinawauza amayi kuti mtedzawo wakhalitsa, mwina wafumbwa, ndigule wina kumsika. Anapukusa mutu. Ndiye upita womwewo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la m'bafa. Ndikuthokoza azakhali, ndi amayi a muno amene munkabwera ndi sopo ndi ufa osafunsa zambiri. Pitirizani kupempherera achimwene ndi alamu, mlatho sunakonzedwebe.

Tsiku lija munatsanzika achimwene, mpando umodzi unali wopanda munthu. Lero tayang'anani kumbuyo uko, pafupi ndi khomo, amene afunda bulangeti lofiira. Tabwera nawo pa njinga ya kabaza, atakhala pakati. Amenewo ndi amayi anga. Mwana wawo amulola tsopano kuti apite. Imirirani mukondwere nane, abale, muimbe mokweza, chifukwa ine ndekha mawu andithera. Ambuye alemekezeke.