Anafunsa Njani, Mphunzitsi Anamva Nyani

Malemu amene agona patsogolo pathupa, Mayi Eneless Zimba, amene ambiri a inu mumawatchula kuti aNyaZimba, anabadwa pa 14 Malichi 1949 m'mudzi mwa Kazonde, dera la Mfumu Magodi, konkuno ku Lundazi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la Bambo Solomon Zimba ndi akazi awo aNyaMvula, amene onse awiri anatsogola kale.

M'chaka cha 1957 anayamba sukulu, koma sanakhalitse. Nkhaniyi eni ake ankaisimba akuseka. Ife lero tiinena popanda kuseka. Mphunzitsi wa kalasi yawo anali mlendo wochokera kummwera, Chitumbuka osachidziwa. Tsiku lina analoza chala pagulu la ana n'kulamula kuti mmodzi aimirire. Malemu, posadziwa kuti chalacho chaloza yani, anafunsa monga mwana aliyense wa kuno angafunsire: njani? Kwathu kuno njani ndiye kuti ndani. Mphunzitsi uja anamva nyani. Anayesa kuti kamwana kamutukwana pamaso pa kalasi, ndipo anawakwapula mpaka ndodo inathyoka. Anzawo, amene ankadziwa bwino lomwe kuti palibe chimene alakwa, sanawaikire kumbuyo, mawa lake n'kuyamba kuwatcha Nyani. Kuyambira pamenepo malemu ankatuluka m'mawa ngati akupita kusukulu, n'kukabisala m'chigafa cha fodya mpaka anzawo aweruke. Makolo atazindikira anangoti mwina sukulu si yake, azilera ang'ono ake. Zaka ziwiri zinatayika choncho.

Anabwerera mu 1959, mlongo wawo a Danwell atawagwira dzanja kuchokera pakhomo mpaka pabenchi. Anamaliza pulayimale mu 1965 atakhoza bwino, koma ku sekondale sanapite, poti ng'ombe zoti zigulitsidwe zinasungidwira ana aamuna. Amati ndi mmene zinkakhalira nthawi imeneyo. Inde, koma kuwawa kwake sikuchepa chifukwa cha zimenezo.

Pa 23 Ogasiti 1969 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Amock Mtonga, amene akhala apawa. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Ankalima chimanga ndi mtedza, ndipo malemu anali membala wa chigwirizano cha amayi ku mpingo.

M'chaka cha 1978, sukulu ya pafupi ndi kwathu itasowa aphunzitsi, malemu analembedwa ntchito ngati mphunzitsi wosapita ku koleji. Anapempha okha Giredi 1, kalasi imene ena ankaithawa ati ndi ya mamina ndi misozi. Apa ndi pamene ambiri mwa inu munawadziwira. Sukulu ikayandikira kutsegulidwa, ankakwera njinga kuzungulira midzi, kukacheza ndi mwana aliyense wolembedwa, kuti tsiku loyamba mwanayo akapeze nkhope imodzi yoidziwa. M'mawa wotsegulira ankaima pa mphambano ya kuchigayo, ana n'kusonkhana, onse n'kulowera limodzi. Phunziro loyamba silinali zilembo ayi. Linali la mmene mwana angapemphere kupita kuchimbudzi, poti anaona kuti ana ambiri amadzikodzera poopa kupempha m'Chingerezi, ndipo chifukwa cha manyazi sabweranso kusukulu. M'dengu mwawo simunkasowa chitenje ndi kabudula wapadera. Ngozi ikachitika ankataya dala madzi a m'chikho pa benchi, n'kudzikalipira okha kuti manja awo aterera, mwana n'kukasintha popanda womuseka. Alipo pano akuluakulu ena a ndevu amene anavalapo kabudula uja. Sititchula maina.

Kenako ankawasimbira ana za njani ndi nyani, akudzikanda m'nthiti ndi kudumphadumpha ngati nyani weniweni, mpaka amene amalira aseke. Akatero ankawauza kuti m'kalasi mwawo wosamvetsa afunse m'chilankhulo cha amayi ake, ndipo palibe ndodo idzamukhudze chifukwa cha funso.

Mu 1993 oyendera masukulu anawapeza akufotokozera ana m'Chitumbuka m'malo mwa Chingerezi, ndipo anawadzudzula anawo akumva. Chaka chotsatira anauzidwa kuti malo awo apatsidwa mphunzitsi wa mapepala. Akuluakulu a banja atichenjeza kuti pamaliro sitizenga milandu, ndipo tamva. Tingonena zimene zinachitika: munthu anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anachoka popanda wina wa kuofesi kudzati yewo, zikomo wa kwathu kuno. Malemu sanadandaule. Ife ndi amene tinadandaula, ndipo mpaka lero sitinaleke. Iwo Januwale wotsatira anakaimanso pa mphambano paja ndi dengu lawo, opanda malipiro. Mphunzitsi watsopano, Mayi Belinda Phiri, tiwanenere zabwino: anawatsegulira chitseko nawapatsa mpando kumbuyo kwa kalasi.

Mu Seputembala 1997 malemu anayamba kudandaula za chifuwa ndi kutupa miyendo. Anagonekedwa ku chipatala cha ku boma kawiri, ndipo mu Disembala anabwerera kunyumba atafooka kwambiri, osatha kuyenda okha.

Nthawi yomweyo m'mudzi mwathu munabwera mwana wamasiye, Lilly, kuchokera kwa Mwase, kudzakhala ndi azakhali ake. Lilly ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo amachita chibwibwi. Kwawo anayambapo sukulu, koma anathawa atasekedwa polephera kutchula dzina lake. Azakhali ake anali atagonja kale, ati mwanayu azingothandiza kumunda, ndipo ngati chaka chino akana, basi sadzamukakamizanso. Malemu atamva anaitanitsa mwanayo. Ankakhala naye pamphasa madzulo aliwonse, osamufulumizitsa, osamumalizira mawu. Anazindikira kuti Lilly akamaimba lilime silikodwa, choncho anayamba kumuphunzitsa kutchula dzina lake moimba, kenako pang'onopang'ono molankhula.

Tsiku lotsegulira sukulu, mu Januwale chaka chino cha 1998, kunacha ndi mvula. Malemu anauza amuna awo kuti amange ng'ombe pangolo. Bambo Mtonga anakana, ana anakana, ifenso tinakana, poti adokotala anali atanena kuti mphepo isawaombe. Iwo anayankha kuti ngati ng'ombe zatopa tinene, akwawa okha, ndipo anthu akadzafunsa tidzafotokoze kuti kwa aMtonga ngolo ndi ya chimanga chokha. Amene munawadziwa mukudziwa kuti pamenepo nkhani inali itatha. Tinawafunditsa mabulangete ndi pepala la pulasitiki, Lilly atakhala pambali pawo. Ngolo itafika pa mphambano, ana ena anali akudikira kale, ndipo anaitsatira pambuyo mpaka pasukulu.

M'kalasi, nthawi yotchula maina itafika, Lilly anaimirira. Mawu anakana. Ana ena anayamba kutsinana. Malemu, ali chigonere pamphasa kumbuyo, anayamba kung'ung'udza kanyimbo ka dzina lake kaja motsitsa, ndipo mwanayo anatchula dzina lake lonse. Mayi Phiri akuchitira umboni kuti palibe anaseka.

Umenewo unali ulendo wawo womaliza. Atabwerako chifuwa chinakula, ndipo anatisiya Lolemba pa 9 Febuluwale 1998, masana, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 48. Alipo amene akunong'ona kuti banja linalakwa kuwalola kutuluka pamvula. Tawamva. Bambo Mtonga akhala akudzifunsa funso lomwelo. Adada, musadziimbe mlandu. Mukanawatsekera m'nyumba, mwina tikanakhala nawo masabata ena owerengeka, koma sakanatikhululukira.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Amock Mtonga. Ana asanu, Misheck, Rosemary, Chiza, Obby ndi Watipaso, poti Brenda anatsogola mu 1991. Adzukulu asanu ndi atatu. Ndi alongo awo awiri, a Danwell ndi a Ezron.

A banja tikuthokoza a mpingo ndi amayi a chigwirizano amene sanachoke pambali pawo, anamwino amene anawasamalira, a Manasseh amene anawanyamula pa galimoto lawo kupita ku boma, adzukulu okumba manda, ndi nonse amene mwasiya minda yanu nyengo ino yopalira. Tikuthokoza Mayi Phiri pobwera ndi ana a Giredi 1. Amene mumafunsana kuti kamtsikana kanatsogolera nyimbo pamene bokosi limatuluka m'nyumba ndi ka yani, ndi Lilly. Chitsegulire sukulu sanajombepo.

Yewo chomene nonse. Amama aNyaZimba, ntchito mwaigwira. Mzimu wanu uuse mu mtendere.