Mayi Kamwendo ndi Mayina a m'Majekete

A Hedi a sukulu yathu, a Kaputeni a gulu la makadeti, aphunzitsi anzanga, abusa, Bambo Kamwendo ndi ana, abale ochokera ku Brampton ndi ku Etobicoke, zikomo nonse pobwera. A Hedi, Chingerezi ndalankhula kale, chakwana. Tsopano mundilole ndilankhule chilankhulo chomwe Mayi Mathilda Kamwendo amandikalipira nacho. Lindiwe mwanawe, khala pafupi ndi a Hedi uziwamasulira, koma za amayi akozi usabiseko.

Kwa amene simundidziwa, ndine Edwin Chikopa. Ndimaphunzitsa masamu, ndipo Lachitatu lililonse ndimagubitsa ana. Mayi Kamwendo asunga yunifolomu za makadeti athu zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Gulu limeneli ndi lakale, linayamba agogo athu asanabadwe, ndipo lili ndi mwambo wake. Mwana akamamaliza sukulu, ankalemba dzina lake m'kati mwa jekete la perete asanalisiyire mnzake. Jekete limodzi mayina khumi, mwina kuposa. Ena mwa anyamata amene analemba mayinawo anapita ku nkhondo, osabwerako.

Ndiye kunabwera mayi wa ku Zomba, waukhondo wosaneneka. Za mwambowu palibe anawauza. Sabata yoyamba atsegula jekete, inki. Atsegula lina, inki. Amvekere, "Ana a kuno ngopanda khalidwe! Kulembalemba pa zovala za eni ake?" Anatenga sopo ndi burashi. Abale inu! Pofika Lachisanu majekete asanu ndi awiri anali mbee, ngati ogula kumene. Anakaitana Kaputeni wa nthawi imeneyo kuti adzawayamikire. Mkulu uja anangovula chipewa n'kukhala pansi.

Sekani ndithu, Mayi Kamwendo nawonso akuseka. Koma tsiku limenelo analira.

Wina akanapepesa, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwo ayi. Anafufuza m'mabuku akale a sukulu ndi kuseri kwa zithunzi. Anayendera nkhalamba mu Hamilton muno, pa basi, chisanu chikuluma makutu, kukafunsa kuti, "Jekete lanu munalandira kwa ndani?" Zinawatengera zaka zinayi. Dzina lililonse lomwe anapeza analisoka ndi ulusi. Kuyambira pamenepo inki inatha ntchito. Mwana aliyense womaliza, dzina lake amasoka ndi iwo.

Nanga ukali wawo ndiunene? Ana athu ndi ochokera konsekonse, ku Punjab, ku Jamaica, ku Portugal, koma onse amadziwa mawu amodzi a Chichewa: "Wongoka!" Inenso sanandisiye. Pa perete wa Novembala anandibweza pakhomo, ana akuona, ati nsapato zanga zikuoneka ngati ndachokera kudimba. Ndinakapolisha, ndikanatani? Komatu mayi omwewa, mwana akabwera wopanda magolovesi, amavula awo n'kumupatsa, osafunsa kuti kwanu kuli bwanji. Mayi, pa zonsezi tikuti zikomo, zikomo kwambiri.

Tsopano ndinene zoona pamaso pa anthu. Kawiri konse munalemba kalata yopuma ntchito, kawiri konse munakaitenganso. Maso akukuvutani. Ulusi sukulowanso m'singano popanda kulimbana. Bambo Kamwendo adikira mpaka atopa. Nditakufunsani chifukwa chake munati, "A Chikopa, ine ndikachoka asoke ndani? Ana amenewa adzaiwalika." Mawu amenewo anandipweteka mumtima.

Ndiye tinakubisirani kanthu. Munkafunsa kuti majekete a chaka chino achedwa kuti, ife n'kumati ali kochapitsa. Abusa atikhululukire, tinkanama. Kuyambira Januwale, Lachinayi lililonse inu mukangoweruka, aphunzitsi anayi timadzitsekera m'kalasi ya Mayi Natalie kuphunzira kusoka. Taonani zala zangazi, zabooka ngati sefa! Mayina a ana omaliza chaka chino, onse khumi ndi anayi, tasoka tokha. Ndi okhota, sindikana. Lina lomwe ndinasoka ine mwini wake analiwerenga kawiri asanalizindikire. Koma alipo onse, ndipo chaka chamawa tidzasokanso.

Choncho kalata yachitatu mwalembayi musakaitenge, Mayi. Taphunzira. Pitani mukapume, mukagone tulo tabwino, Lachitatu muzikhala ndi adzukulu. Tidzakusowani, ine ndiye kwambiri. Koma palibe mwana adzachoke pa sukulu ino dzina lake losasokedwa.

Abale, tiyeni tiimirire tonse. M'manja mwamphamvu kwa Mayi Kamwendo!