Achemwali ndi Munda Wawo wa Nthochi

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1957. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, amene ndinawaponda pamutu. Anayamba sukulu mu 1964. Yunifolomu yatsopano inali yawo, ine ndinkaivala ikawathina.

Mu 1976 anakwatiwa ndi alamu athu atelalawa, omwe poyamba anabwera pakhomo kudzayeza ine diresi. Za izo tisiye.

Mu 1983 bambo athu anatigawira munda wa nthochi. Malemu analandira kumunsi kwa chinyezi, ine kumtunda kwa miyala.

Mu 1999 kunagwa chisaka, matenda a nthochi oyenda ndi nsabwe za m'masamba, opanda mankhwala. Apa m'pamene malemu anatchuka. Ankatembenuza tsamba n'kuliyang'ana padzuwa. Akaona timizere tobiriwira kwambiri, todukaduka, pamsana pa tsambalo, ankati phando lonse lizulidwe lisanapatsire anzake. Ife tinkadikira mpaka masamba atachepa, atachita chikasu m'mbali, ataima njo mothinana pamwamba ngati tsache. Iwo ankati pamenepo ndiye kuti mwachedwa kale. Anthu anawatcha Adokotala a Nthochi, ndipo ankabwera panjinga kudzawatenga. Munda woyamba kuzulidwa unali wanga. Anandiuza kuti ndisiye kulira, ndigwire khasu. Wawo unapulumuka.

Anayamba kudwala mtima mu 2022. Ali chigonere anaitana apongozi awo, akazi a mwana wawo woyamba, n'kuwasiyira munda. Anati mtsikanayu ali ndi maso. Ine ndinali pomwepo, beseni lowasambitsira lili m'manja. Sanandicheukire. Anatisiya pa 14 Juni 2024.

Tsopano apongozi, mundimve bwino, poti malemu anati maso muli nawo. Lero m'mawa ndinapita kumunsi kuja kukadula masamba oti tiyale pansi. Phando la pafupi ndi chitsime lili ndi timizere tija, ndipo nsabwe zadzaza m'khwapa mwa masamba. Inu mumatunga madzi pamenepo tsiku lililonse. Ine palibe anandiphunzitsa, ndinkangosuzumira kumbuyo kwa achemwali pamene ankaphunzitsa ena. Mukalisiya phandolo, chaka chamawa munda wonse udzakhala matsache, ndipo Adokotala a Nthochi tidzawaika kachiwiri.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ine.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a kwaya, ndi aneba amene anatibwereka galimoto. Abambo amene mwakumba manda, zikomo kwambiri, koma makasuwo musapite nawo. Mawa tikuzula phando lija, ndipo wolozera ndikhala ine.

Achemwali, munda munapatsa wina, koma suuma ine ndili moyo. Mzimu wanu uuse mumtendere.