Mikanda ya Mayi Keziya Lenard

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1961 kuno kwa Dambe, m'banja la bambo ndi mayi Stewart. Ine Aleck, amene ndikuwerenga mbiriyi, ndine mlongo wawo wamng'ono. Ankandibereka kumbuyo popita kudimba.

Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale ku Lilongwe, ndipo mu 1983 anamaliza maphunziro a ntchito za mulabotale. Mu 1985 anamanga banja ndi bambo Benedict Lenard a kwa Kamwendo, amene anatsogola mu 2009.

Ntchito anagwira ku labotale ina mumzinda. Kumeneko ankayeretsa madzi ndi rezini, timikanda tachikasu timene timakola michere yosungunuka m'madzi, yosaoneka ndi maso.

Atapuma pantchito mu 2016 anapeza mudzi uli pamoto. Makanda awiri anali kuchipatala, milomo ili bii. Oyeza madzi anati mjigo wathu wadzaza naitireti wochokera ku feteleza wa m'minda, choncho utsekedwe. Amayi muli pano mukudziwa kuti kutseka mjigo kunali kukubwezerani ku zithaphwi za kudambo, kumene ng'ombe zimamwera.

Malemu anakana kwamtuwagalu. Anaitanitsa rezini yokola naitireti, n'kuithira m'thanki kuti madzi akumwa azidutsamo. Amayi atasuzumira anafa nacho chiseko, amvekere a Keziya avula mikanda ya m'chiuno. Malemu anawayankha kuti m'Mchinji muno ndi iwo okha amene angaonetse mikanda yawo mudzi wonse popanda manyazi. Anafotokozanso kuti mikandayo ikakhuta zoipa, imatsukidwa ndi madzi a mchere wa ndiwo womwewu. Ambiri anapukusa mitu, poti mchere ungayeretse bwanji madzi? Oyeza aja atabweranso anapeza madzi odutsa m'mikanda ali bwino, ndipo mjigo sunatsekedwe. Makanda awiri aja lero ali pasukulu, ndipo ndi amene atsogolera maliro ano atanyamula mtanda. Ife abale tikulira, koma tikunyadira kwambiri.

Mu 2023 malemu anayamba kudwala kuthamanga kwa magazi, adokotala n'kuwaletsa mchere. Ankaseka, amvekere gawo lawo lizipita kwa mikanda. Ali chidwalire anaphunzitsa mpongozi wawo, mayi Linda, katsukidwe konse. Anatisiya Lachiwiri lapitali kuchipatala ku Boma.

Anthu akudera lina mwadabwa kuona amayi akubwera ndi timapaketi ta mchere m'malo mwa nkhata zamaluwa. Anapempha okha malemu, ati maluwa afota mawa, koma mikanda ikakhala ndi njala ya mchere ana amwa poizoni. Mcherewo ukupita kumjigo.

Asiya ana atatu, Mayamiko, Anasi ndi Kwacha, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza mafumu, ampingo, adzukulu okumba manda, anamwino ndi amayi ophika. Madzi amene mwamwa pasiwa pano adutsa m'mikanda yawo.

Achemwali, mjigo wanu ukutungidwabe. Mzimu wanu uuse mumtendere.