Kalata Inatha Tsiku, Ngongole Sinathe

Ndinkachapa matewera pakhomo pathu ku Bangwe pomwe azibambo awiri ovala mataye anayamba kujambula nyumba yathu ndi foni.

"Mayi, bambo alipo? Tachokera ku banki."

Ndi iwowo amene anandiuza zonse. Amuna anga anaitanitsa matailosi kunja. Banki inalemba kalata yolonjeza kuwalipirira kwa ogulitsawo, chikole chake nyumba yathuyi. Katundu anachedwa, tsiku lothera ntchito la kalatayo linadutsa. Komabe amuna angawo anasaina kuti banki ilipirebe, n'kukatenga matailosi, ambiri osweka. Ngongoleyo sanabweze, ndiye banki inkafuna kulanda nyumbayo.

Nditawafunsa amuna angawo anangoseka. "Amake mwana, kalata ija inatha ntchito ngati mankhwala akale. Sangatigwire."

Sangatigwire? Si munasaina nokha? Miyezi yonseyi makalata a banki mumabisa pansi pa matiresi omwe ndimagonapo ine, khanda lili kubere!

Amayi anzanga, mapepala a nyumba muziwaona ndi maso anu.

Sindinadikire kuti ana anga atatu aone katundu wathu akuponyedwa panja. Kutacha ndinanyamula makina anga osokera ndi makadi a kusikelo, ndinabereka khanda, tonse pa minibasi ulendo kwa achemwali anga ku Chilomoni. Bambowo ndinawasiyira matailosi awo aja. Azigona pomwepo.