Injini ya Bambo Lasten Kachingwe

Malemu achimwene anga, Bambo Lasten Kachingwe, anabadwa pa 9 Malichi 1957 pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, m'dziko la Zimbabwe, masiku amenewo likutchedwa Rhodesia. Ine ndine Biswick, mng'ono wawo, ndipo banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiri yawo. Alamu anga, Mayi Tambudzai Kachingwe, andiuza kuti ndisachotsepo kanthu. Choncho abusa, akulu a mpingo, ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza, mundikhululukire ngati mawu ena sakhala ofewa monga tinazolowera pa maliro.

Bambo athu anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo ankaphikira mzungu mwini famuyo. Mayi athu anabadwira pa famu yoyandikana nayo, koma makolo awo anali a ku Dedza. Malemu anali oyamba kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Lero tatsala awiri, ine ndi mlongo wathu Dyna amene ali ku Chinhoyi, ndipo amukaniza chilolezo chobwera kuno kudzaika achimwene ake.

M'chaka cha 1964 anayamba sukulu pa famu pomwepo, m'shedi yosankhiramo fodya. Anali anzeru pa masamu, koma sukulu ya pa famu inkathera pomwe mwana wayamba kutha kusenza mtolo. Anamaliza Giredi 7 mu 1971, ndipo chaka chotsatira anali kale m'munda.

Mwini famuyo anali ndi galimoto yaing'ono yobiriwira, ya anthu awiri, yopanda denga, yotchedwa Morgan. Ntchito yoitsuka Loweruka inali ya malemu. Tsiku lina chitseko chake chinalendewera, ndipo mmisiri wa matabwa atachimasula anapeza kuti chiswe chadya m'kati. Apo ndi pomwe malemu anadziwa kuti pansi pa malata a galimotoyo pali matabwa opalidwa ndi manja, ngati mpando. Anabwera kunyumba atabalalika mutu, kutiuza kuti ku Ingalande kuli anthu amene amapanga galimoto imodzi imodzi ndi nyundo ndi tchizulo. Matenda awo a galimoto anayambira pamenepo, ndipo sanachire.

Mu 1974 anapita ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare, nakalowa pa galaja ina ngati wosesa. Anaphunzira umakaniko pa injini za Ford, zazing'ono zija za masilinda anayi zimene zinali mu Anglia ndi Cortina, ndipo mu 1979 analandira setifiketi. Amataxi a ku Mbare ndi Highfield ankawadziwa bwino. Galimoto imene ena anaitaya kuti yatha, iwo ankaidzutsa n'kuyendanso zaka.

Pa 17 Disembala 1983 anamanga ukwati ndi Mayi Tambudzai. Ena kuchikazi ankakana, amvekere sitingapereke mwana kwa anthu a m'mafamu opanda kwawo. Alamu anga sanamvere zimenezo. Mulungu anawapatsa ana awiri, Fadzai mu 1985 ndi Tyrone mu 1990.

Mu 2001 malamulo a unzika atasintha, malemu anauzidwa kuti ndi mlendo m'dziko limene anabadwira, chifukwa bambo awo anali a ku Malawi. Ku Malawiko anali asanapondeko n'komwe. Ntchito nayo inayamba kusowa, ndipo mu 2002 anabwera kuno ku London. Mapepala awo aumakaniko sanawerengeredwe. Munthu amene ankamasula injini ndi kuimanganso osayang'ana m'buku anakhala zaka zisanu akutsuka mabasi ndi kusambitsa okalamba ku Lewisham. Sanadandaule pagulu, koma ife tinkaona. Mu 2005 anaitanitsa banja lawo, nakhazikika ku Woolwich, m'nyumba ya m'mwamba imene akhalamo mpaka mapeto.

Mu 2007 anapeza ntchito pa galaja yaing'ono ya pansi pa mlatho wa sitima, ya Mngelezi wina dzina lake Craig. Galajayo inkakonza galimoto zakale zothamanga, zopangidwa pamanja: Morgan, Lotus, TVR. Tsiku loyamba anandiimbira foni ali ngati mwana, kuti mng'ono wanga, zilipo zitatu, ndazigwira ndi manja angawa. Bambo Craig anakhala mnzawo weniweni. Ankadya kunyumba kwa alamu anga, ndipo pa ukwati wa Fadzai anakhala pa tebulo la abale. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse zimene zikubwerazi.

Ambiri a inu munakodwapo ndi malemu pakhomo la tchalitchi chino muno mu Peckham, mapemphero atatha. Ankayamba ndi moni, kenaka injini. Ankafotokoza kuti amisiri a galimoto zimenezi amaumba thupi lokha, injini amakagula kwa ena, ndiye munthu ayenera kusankha. Pali yaikulu ya masilinda asanu ndi atatu, imene amaitcha V8, yobangula mpaka mazenera kunjenjemera. Pali yaing'ono ya masilinda anayi. Malemu anali a yaing'onoyo, ndipo pamenepa sankagonja. Ankati yaikulu imalemetsa mphuno ya galimoto pokhota ndipo imabisa ulesi wa woyendetsa, pomwe yaing'ono imafuna munthu womvetsera, wodziwa nthawi yosinthira giya. Ena munkathawa, kunamizira kuti basi ikusiyani. Lero tikanakonda atatigwiranso mkono n'kutichedwetsa.

Mu Meyi 2013 anagula yawoyawo. Inali chigoba cha Morgan chimene anachipeza m'khola pa famu ina ku Kent, nkhuku zikuikiramo mazira. Munalibe injini, matabwa anali atafumbwa. Bambo Craig anawapatsa kona m'galajamo. A kalabu ya eni galimoto zotere, amene kwa zaka zambiri ankawadziwa ngati makaniko chabe, anayamba kuwapatsa malangizo, ndipo onse ankati ikanimo V8. Malemu anakana. Anakatola injini yakale ya Ford kwa ogula zitsulo zotha, yofanana ndi zimene anaphunzirirapo ku Harare, itachita dzimbiri mpaka osatembenuka.

Alamu anga akuti ndinenenso mbali iyi. Galimotoyo inawalanda mwamuna Loweruka lililonse kwa zaka pafupifupi khumi. Mapisitoni ankagona pa tebulo lodyera. M'bafa munkanunkha palafini. Mu uvuni wophikiramo buledi ankatenthetseramo zitsulo. Tsiku limene Fadzai ankalandira digiri, bambo ake anafika mwambo uli pakati, mafuta ali m'zikhadabo. Malemu sanali mngelo, ndipo banja linalipira mtengo wa chikondi chawocho. Koma linapirira, chifukwa ankalonjeza kuti ikatha adzawanyamula mayi kupita nawo kunyanja ku Margate, denga lili lotsegula.

Pa 15 Okutobala 2022 injiniyo inalira koyamba, ili pa chitsulo choimikirapo, isanalowe m'galimoto. Bambo Craig analipo, anagwirana nawo chanza. Malemu anatiimbira tonse mmodzimmodzi, n'kungoika foni pafupi kuti timve. Kunatsala kuilowetsa, kulumikiza mawaya ndi kusoka mipando.

Mu Januwale 2023 anayamba kutsokomola. Mu Epulo madokotala anapeza khansa ya m'mapapo. Munthu wobadwira mu fodya koma sanasutepo. Madokotala anati mwina ndi fumbi la mabuleki akale ndi penti zimene anapuma moyo wawo wonse. Analandira chithandizo, chinawafooketsa, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2024 ankapuma ndi mpweya wa m'botolo. Masitepe a pa nyumba yawo anawakanika. Ku galaja sanapitenso.

Tsopano ndafika povuta. Mwana wathu Tyrone, amene sanakondepo za galaja, anaona kuti nthawi ikutha ndipo anafuna kuti bambo ake akwere galimoto yawo asanatisiye. Cholinga chinali chabwino, ndipo palibe akutsutsa. Anapita kwa Bambo Craig. Iwo anamuuza kuti injini yaing'onoyo ikufunabe ntchito yambiri, koma pali V8 yochokera m'galimoto ina yangozi, yongoika. Anamuuzanso kuti munthu ngati bambo ake ayenera chinthu chachikulu, ndipo kuti yaing'onoyo aitenga iwo m'malo mwa malipiro. Tyrone anavomera. Sanafunse bambo ake, sanafunse mayi ake, sanandifunse ine bambo ake aang'ono. Kuti injini yaikuluyo ikwane, Bambo Craig anadula zitsulo za pansi zimene malemu anawotcherera okha, nakulitsa boneti imene malemu anaisula ndi nyundo.

Tyrone sankadziwa kusiyana kwake. Bambo Craig ankadziwa. Anamva malemu akunena za injini imeneyo tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezo.

Loweruka pa 8 Juni 2024 Tyrone anabwera nayo galimotoyo pansi pa nyumba ku Woolwich, itapukutidwa, atamangirira maliboni. Anthu oyandikana nawo anatuluka ndi mafoni kujambula. Malemu anali pa mpando wawo pafupi ndi zenera, timapaipi tili m'mphuno. Sanasuzumire n'komwe. Anangomva kulira kwake ikukhota pa kona, ndipo anauza alamu anga kuti, "Imeneyo si yanga. Tsekani zenera."

Tyrone anakwera akuthamanga, makiyi ali m'manja. Bambo ake anamufunsa m'Chichewa kuti injini yanga ili kuti. Iye anayankha m'Chingelezi, monga amachitira ana athu kuno, kuti awaikira yabwino kuposa ija. Malemu sanakalipe. Mpweya wokalipira analibe. Anapempha kuti awagoneke, natembenukira kukhoma. Galimotoyo inakhala pansipo mpaka madzulo, kenaka inabwerera ku galaja. Sanaikwere, ndipo sanaione.

Mwanayu atazindikira chimene wachita, anayamba kuisaka injiniyo. Bambo Craig anali ataigulitsa kale kwa munthu wa mipikisano ya galimoto ku Essex, Tyrone asanavomere n'komwe. Izi tinazidziwa pambuyo pake kwa wogulayo. Tyrone anakafika kumeneko, ndipo anauzidwa kuti wogulayo anakulitsa mabowo a masilinda ake kuti ithamange kwambiri, inaphulika pa mpikisano wachiwiri, ndipo zitsulo zake zinatayidwa. Anabwerako ndi chivindikiro cha pamwamba chokha. Malemu anachigwira, nachitembenuza, nasisita ndi chala pamene anakhoma zilembo za dzina lawo, kenaka anachibweza kwa mwanayo. Anati, "Sunga iwe."

Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso za galimoto kwa munthu aliyense. Ife amene tinkawathawa pakhomo la tchalitchi tinkayesa kuwaputa, kuwafunsa za makabuleta, iwo n'kungotseka maso. Tyrone anasiya ntchito yake kuti aziwasamalira. Ankawameta, kuwasambitsa, kuwanyamula kupita nawo kuchipatala. Malemu ankalola, ankathokoza, koma nkhaniyo bambo ndi mwana sanaikambirane mpaka mapeto. Bambo Craig sanabwere kudzawazonda ngakhale kamodzi.

Pa 27 Januwale 2025 anagonekedwa m'chipatala, ndipo Lolemba pa 3 Febuluwale masana anatisiya, akazi awo ndi ana awo onse awiri ali pambali. Amwalira ali ndi zaka 67. Tiwaika ku manda a ku Plumstead, chifukwa dziko limene anabadwira linawakana, ndipo kwawo kwa bambo athu palibe amene akuwadziwa.

Malemu asiya mkazi, Mayi Tambudzai. Ana awiri, Fadzai ndi Tyrone. Mkamwini, Bambo Themba. Zidzukulu ziwiri, Angel ndi Tanya. Mlongo wawo Dyna, ndi ine mng'ono wawo.

Banja likuthokoza abusa ndi amayi a Mvano amene sanatope kukwera masitepe aja. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira mwaulemu. Tikuthokoza Mayi Peggy Chisenga, a ku Chipata, oyandikana nawo nyumba, amene ankakhala ndi wodwala kuti alamu anga apumeko, ndi abale athu onse a ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi amene mwatigwira mkono sabata zino.

A kalabu ya galimoto anatipempha kuti Morgan ija itsogolere mtembo kupita ku manda. Alamu anga akana. Bambo Craig atumiza nkhata ya maluwa yokhala ngati chiwongolero. Mwaiona panja pakhomo polowa, ndipo ikhala pomwepo.

Iwe Tyrone, mwana wanga, ndakuona wakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Mbiriyi ndaiwerenga monga inachitikira, ndipo sindikanaiwerenga mwina. Koma mayi ako akuti malo ako si amenewo. Bwera kuno kutsogolo. Bokosi likamatuluka, iwe ugwire kumutu.

Achimwene, munagwira ntchito ndi manja anu kuyambira muli mwana, ndipo zambiri zimene munapanga anadyerera ndi ena. Kumene mwapitako palibenso wokulandani kanthu. Mzimu wanu uuse mumtendere.